Mabuku Oyenda ndi Anthu Amene Amawatsatira

Makalasi ambiri a akuluakulu ali ndi bokosi la mabuku. Mwina muli mabuku 10, mwina 20, ndipo kiyi mumasunga ndinu atsogoleri. Wophunzira akapempha kuti atenge buku limodzi akawerengere kunyumba, mtsogoleri amayamba wakanda m'mutu. Akakana, wophunzira uja alibe coti awerenge kufikira tsiku lina la kalasi. Akalola, buku lija lingathe kubwera lonyowa, long'ambika, kapena osabweranso konse. Paja akulu anati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka. Ndiye atsogoleri ambiri amangokhoma bokosi, ndipo sitingawadzudzule, cifukwa mabuku m'cinenero cathu ndi osowa.

Bvuto limeneli si lathu tokha. Kuli gulu la anthu okonda kuwerenga, omwazikana m'maiko oposa 100, amene akhala akulimbana ndi funso lomweli kuyambira caka ca 2001. Funso lake ndi ili: kodi buku lingacoke bwanji m'manja mwa mwini wake, nkumayenda pakati pa anthu, mwini wakeyo namadziwabe kumene liri? Dzina la gululo ndi BookCrossing. Anthu ake amalankhulana pa intaneti, koma mabuku awo ndi a mapepala ngati athu omwewa. M'nkhani ino tifotokoza mmene amacitira, zimene zimawayendera ndi zimene zimawakanika, kenaka tione zimene kalasi yopanda kompyuta, yopanda ngakhale magetsi, ingatolepo.

Wowerenga watsopano amasowa ciani?

Pamene dziko la Moçambique linalandira ufulu mu 1975, anthu 93 mwa 100 alionse sanali kudziwa kuwerenga ndi kulemba. Kampeni yoyamba yophunzitsa akuluakulu inayamba mu 1978. Nkhondo inadzasokoneza zambiri, ndipo m'madera ambiri a kumidzi nchitoyi inadzukanso mtendere utabwera mu 1992. Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti osadziwa kuwerenga anali 39 mwa 100, koma pakati pa amai anali pafupifupi theka. Tayenda ndithu. Komabe manambala amenewa satiuza za munthu amene anaphunzira, nalandira setifiketi yake, patapita zaka ziwiri nkuyambanso kupempha mwana kuti amuwerengere kalata. Anthu otere inu mukuwadziwa maina.

Zimacitika bwanji? Munthu wongophunzira kumene amawerenga cilembo ndi cilembo, phatikizo ndi phatikizo. Nzeru zake zonse zimathera pa kulumikiza zilembozo, kotero kuti pofika kumapeto kwa ciganizo amakhala ataiwala ciyambi cake. Cimene cimamcotsa pamenepo ndi kukumana ndi mau omwewo kambirimbiri, kufikira maso atazolowera kuwagwira athunthu monga timazindikirira nkhope ya mbale wathu popanda kuyamba taona mphuno ndi makutu. Maola a m'kalasi sakwanira nchito imeneyi. Wophunzira afunika buku kunyumba. Afunikanso cifukwa coti alitsegule madzulo atabwera wotopa kucokera kumunda, ndipo cifukwa cimene cimagwira kwambiri ndi munthu mnzake: wina amene akudikira bukulo, wina amene adzamfunsa kuti nkhani ija inatha bwanji. Apa ndi pamene anthu a BookCrossing ali ndi cotiphunzitsa.

Mmene zinayambira

Ron Hornbaker anali munthu wa nchito za makompyuta ku America. Kumeneko kunali kale masewera ena a pa intaneti, dzina lake Where's George?, amene anayamba mu 1998. Pa masewerawo munthu amalembetsa nambala ya ndalama ya pepala imene iri m'thumba mwake, nakagulira cinthu. Wina akadzailandira nalembetsanso nambala yomweyo, onse awiri amaona mtunda umene ndalamayo yayenda. Hornbaker anaganiza kuti ngati anthu amakondwa kutsatira ndalama, imene iribe nkhani iriyonse mkati mwake, angakondwe koposa kutsatira buku. Mu Abril 2001 anatsegula BookCrossing.

Nchitoyo inakula msanga. Mu 2004 liu lakuti bookcrossing linalowa mu dikishonale ya Cingerezi ya Concise Oxford. Mu 2007 bungwe la malaibulale a boma ku Singapore linaitenga nkuika malo osiyako mabuku m'dziko lonselo. Mu 2012 mamembala anapitirira 1 miliyoni. Pofika mwezi wa Novembro 2019 anali oposa 1.9 miliyoni, mabuku olembetsedwa anali oposa 13 miliyoni, m'maiko 132. Ena mwa maiko amene anali patsogolo ndi Germany, America, Spain, Italy ndi Brazil. Kulowa m'gulumo nkwaulere.

Nambala ya buku

Zonse zagona pa nambala. Munthu akafuna kuti buku lake liyende, amayamba walilembetsa pa intaneti: mutu wake, wolemba wake, ndi mau pang'ono onena mmene iye analimvera. Kompyuta imampatsa nambala imene palibe buku lina liri nayo pa dziko lonse. Onetsetsani apa. Nambalayo ndi ya buku limodzi lenilenilo limene liri m'manja mwake. Akakhala ndi mabuku awiri a mutu umodzi, lirilonse limalandira yakeyake, monga mapasa aliyense amakhala ndi dzina lake. Mwini buku amalemba nambalayo mkati mwa cikuto, pamodzi ndi uthenga waufupi wouza wolitola kuti bukuli liri pa ulendo, aliwerenge, anene kumene walipeza, ndipo akatha alipereke kwa wina.

Manambala atatu oyambirira saoneka pa intaneti, amaoneka m'buku mokha. Cotero munthu sangalembe kanthu m'mbiri ya buku limene sanaligwire ndi manja ake. Wolitola akalowetsa nambala yonse, mbiri ya bukulo imatseguka. Amaona onse amene analigwira iye asanafike, kumene anali, ndi zimene ananena. Naye amaonjezerapo mau ake, ndipo amaloledwa kutero ngakhale sanalowe m'gulu, ngakhale safuna kuchula dzina lake. Nthawi yomweyo uthenga umapita kwa akale onse aja kuwauza kuti buku lija lamveka, lafika kwakutikwakuti. Anthu amene sanaonanepo nkhope amakhala ngati a mudzi umodzi cifukwa ca buku limodzi limene linagona m'nyumba zawo onse.

Njira zinai zoyendetsera buku

Njira yoyamba, imenenso inachukitsa gululi, ndi yongosiya buku poyera: pa mpando wa m'sitima, podikirira dotolo, pa siteshoni ya basi. Kukakhala kwa mvula amalikulunga m'pepala la pulasitiki. Mwini wake amalemba pa intaneti malo amene walisiya, ndipo ena amapita dala kukalisaka. Njira imeneyi njokoma, koma tinene zoona, mabuku ambiri osiyidwa cotere samvekanso. Ena amatoledwa ndi anthu amene amawerenga osalemba kanthu, ena amasesedwa pamodzi ndi zinyalala. Alipo amene amadzamveka patapita zaka, ali ku dziko lina. Mamembala amadziwa zimenezi, ndipo amasiya poyera mabuku okhawo amene sangawalire. Kwa ife amene tiri ndi mabuku 12 pa kalasi yonse, njira imeneyi siitiyenera.

Njira yaciwiri ndi ya mkombero, ndipo ikufanana ndi cipereganyu, cimene ena timati xitike. Mwini buku amalengeza kuti ali ndi buku lakuti, ofuna alembetse. Amandandalika maina awo, woyamba mpaka womaliza, poyang'ana kumene aliyense amakhala kuti ndalama za positi zicepe. Aliyense akalandira buku amalemba kuti lafika. Amapatsidwa nthawi yoti awerenge, kawirikawiri ngati mwezi umodzi. Akatha amalemba maganizo ake, nafunsa adiresi ya wotsatira, nalitumiza. Womaliza amalibweza kwa mwini wake. Nthawi zina mwini buku amanena kuti lisabwerere, lizingopitirira.

Njira yacitatu ndi ya bokosi loyenda. Munthu amadzaza bokosi ndi mabuku, nalitumiza kwa woyamba pa mndandanda. Iye amacotsamo amene wawakonda, naikamo ake ena olingana nambala ndi amene wacotsa, nalitumiza patsogolo. Bokosilo silicepa, koma za mkati mwake zimasintha pa khomo lirilonse.

Njira yacinai ndi ya shelefu yokhazikika. Mwini wa nyumba yomwera tiyi kapena sitolo amalola kuti pa ngodya pakhale mabuku amene aliyense angatenge kapena kusiyapo lake. Pamakhala membala mmodzi amene anabvomera kuyang'anira shelefuyo, kulembetsa mabuku atsopano ndi kudzazapo ikayamba kuuma.

Tikaziika pamodzi njira zinaizi, cimodzi cimaonekera. Buku limafika bwino pamene wolandira wotsatira akudziwika dzina, ndipo wolisunga akudziwa kuti anzake akudziwa kuti liri kwa iye. Nayo mikombero imaima nthawi zina, wina akadwala kapena akacita ulesi, koma mwini buku amadziwa khomo loti agogodepo. Posiya poyera paja palibe khomo.

Cimene cimawamanga pamodzi

Wina angaganize kuti anthu odziwana pa intaneti amathera pomwepo. Iai. M'mizinda yambiri mamembala amakumana mwezi ndi mwezi, aliyense atanyamula thumba la mabuku, nawakhuthulira pa tebulo. Amacitanso misonkhano yaikulu ya maiko onse: mu 2008 unali ku London, mu 2012 ku Dublin, mu 2016 ku Athens. Ndipo zimene amalemba m'mbiri ya buku si za anthu ophunzira kwambiri. Wina amangonena kuti analipeza pa siteshoni tsiku la mvula, wina kuti linamkumbutsa amai ake, wina kuti silinamkomere ndipo analisiyira pakati. Mau ocepa otero ndiwo amacititsa wolandira wotsatira kumva kuti sakuwerenga yekha.

Palinso magulu ena a pa intaneti a anthu okonda mabuku. Lalikulu ndi Goodreads, limene linatsegulidwa mu 2007 ndi Otis Chandler ndi Elizabeth Khuri, ndipo kampani ya Amazon inaligula mu 2013. Kumeneko munthu amandandalika mabuku amene wawerenga, amene akuwerenga ndi amene akufuna kudzawerenga, nalipatsa lirilonse nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Anzake amaona, nasankha coti agule kapena kukabwereka ku laibulale. Zimenezi zimathandiza kumene mabuku ali mbwee ndipo bvuto ndi kusankha. Kwathu kuno bvuto ndi buku lenilenilo. Ndico cifukwa cake tasankha kufotokoza za gulu limene limayendetsa buku pamodzi ndi mau a owerenga.

Kodi olemba mabuku sakuberedwa?

Funso limeneli linafunsidwa kale. Mu 2003 wolemba mabuku wina, Jessica Adams, anadandaula kuti mcitidwe umenewu ucepetsa ndalama zimene olemba amalandira, pakuti anthu ambiri awerenga buku limene linagulidwa kamodzi. Osindikiza ena anadandaulanso cimodzimodzi. Mamembala anayankha kuti kubwereketsa buku kunayamba kalekale, malaibulale amacita zomwezo, ndipo munthu amene wakomedwa ndi buku lobwereka kawirikawiri amakagula lina la wolemba yemweyo.

Ife tionjezepo ici. Buku limodzi likayenda m'manja 20 limakhalabe limodzi. Koma munthu akalijambula lonse ndi telefoni nalimwaza pa WhatsApp, kapena akalicita fotokope nkumagulitsa, wapanga mabuku ambiri amene wolemba sanalandirepo kanthu. Olemba m'cinenero cathu ndi ocepa kale, ndipo osindikiza amaopa kutaya ndalama pa mabuku a Cinyanja. Tikawadyera thukuta lawo motere, mawa sipadzakhala buku latsopano loti tiyendetse.

Tingacite bwanji m'kalasi mwathu?

Nchito imene kompyuta imagwira ku BookCrossing njaing'ono: imapereka nambala, imasunga mbiri, imauza anthu kumene buku liri. Zonsezi kope ndi colembera zingathe, makamaka pakuti ophunzira athu amaonana sabata iriyonse ndipo safunika positi. Nazi njira zake.

1. Patulani mabuku. Buku la mphunzitsi, ndi mabuku ophunzirira amene munasainira kwa oyang'anira anu, akhale padera. Ngati mufuna kuti nawonso aziyenda, kambiranani ndi oyang'anirawo poyamba, kuti mlandu usadzagwere inu nokha. Mabuku a nkhani, a nthano, a zaumoyo ndi a zaulimi ndiwo a pa ulendo.

2. Lipatseni buku lirilonse nambala yake. Tengani zilembo zitatu za dzina la mudzi, muonjezepo nambala. Tiyerekeze kalasi ya ku Domwe: buku loyamba likhale DOM 1, laciwiri DOM 2. Lembani ndi inki mkati mwa cikuto ndiponso pa tsamba lina la pakati, cifukwa cikuto ndico cimayamba kuthothoka.

3. Sokererani kapena matani mapepala awiri oyera kumapeto kwa buku. Amenewa ndi mapepala a ulendo. Aliyense wowerenga alembepo dzina lake, tsiku, ndi ciganizo cimodzi kapena ziwiri. Inu musunge kope lalikulu, buku lirilonse ndi tsamba lake, mmene muzilemba amene walitenga ndi tsiku lake.

4. Konzani mkombero. Tiyerekeze muli ndi ophunzira 24 ndi mabuku 12. Agaweni awiriawiri, makamaka oyandikana nyumba, wina wothamangako ndi wina wocedwerako. Awiri alionse atenge buku limodzi kwa masabata awiri, aziwerengerana mokweza, kenaka alipereke kwa awiri otsatira pa mndandanda. Pakutha pa masabata 24 wophunzira aliyense adzakhala atagwira mabuku onse 12. Mukayamba anthu atangokolola, mudzamaliza mvula isanagwe kwenikweni. Pacikani mndandandawo pa khoma, kuti aliyense adziwe amene akumdikira.

5. Tsiku losinthana, patulani mphindi 15 zoyambirira. Buku lisabwerere m'bokosi. Licoke m'manja kupita m'manja, pamaso pa onse, ndipo opereka anene mau awiri atatu za bukulo popanda kuulula mathero ake. Wamanyazi angowerenga zimene walemba pa pepala la ulendo.

6. Mkombero ukatha, panganani ndi mtsogoleri wa kalasi yoyandikana nanu, musinthane mabuku, 6 kwa 6 kapena 12 kwa 12. Limeneli ndilo bokosi loyenda lija. Manambala a mudzi aja adzathandiza kuti buku lirilonse lidzadziwe kwawo.

Za pepala la ulendo

Pepala limeneli musalipeputse. Kwa ophunzira ambiri ndi nthawi yoyamba kulemba mau a m'mutu mwawo oti munthu wina adzawerenge. Pa bolodi amakopera mau a mphunzitsi, pa mayeso amalembera wocongera. Apa akulembera mnansi wake. Ndiye musatenge colembera cofiira nkumakonza zolakwa pamenepo, mungamuphe mtima. Zolakwa zimene mukuziona kawirikawiri zisungeni, mudzaziphunzitse kwa onse tsiku lina osachula mwini wake.

Ena adzati, “Aphunzitsi, nanga ndilembe ciani?” Apatseni mafunso atatu asankhepo limodzi. Ndani wakusangalatsani kapena wakukwiyitsani m'nkhaniyi? Ndi liu liti limene linakubvutani? Ndani mungakonde kuti awerenge bukuli, ndipo cifukwa ciani? Funso laciwirilo limakuthandizani inunso, cifukwa mau obvuta aja ndiwo phunziro lanu la sabata yamawa.

Kumbukiraninso kuti mabuku ambiri amene tiri nawo anasindikizidwa ku Malawi. Kumeneko kuyambira zaka za m'ma 1970 amalemba ch pamene ife timalemba c, ndi tch pamene ife timalemba ch. Wowerenga watsopano akakumana ndi zimenezi yekha kunyumba amaganiza kuti wasokera. Mufotokozereni buku lisanacoke, mulembe zitsanzo ziwiri zitatu pa bolodi, basi.

Buku likatayika

Lidzatayika ndithu limodzi kapena awiri, ndipo ndi bwino kalasi ipangane za ici pa tsiku loyamba, mlandu usanabwere. Ife tikuona kuti cindapusa ca ndalama sicithandiza. Wosauka akamva za ndalama amaopa kutenga buku, ndipo amene wataya amasiya kubwera ku kalasi cifukwa ca manyazi. Pamenepo mwataya buku ndi munthu yemwe. Kuli bwino wotayayo abweze ndi nchito: akute mabuku ena ndi mapepala olimba, asoke othothoka, kapena alembe nthano imodzi m'kope kuti ilowe m'malo mwa buku lotayikalo.

Zoononga zambiri zingapewedwe. Buku liziyenda m'thumba la pulasitiki, ngakhale la shuga lotsukidwa bwino. Kunyumba lisaikidwe pansi kapena kutsamira khoma la dothi, kuopa ciswe ndi cinyezi, ndipo likhale patali ndi ana okwawa ndi osuta fodya wopicira. Likapitirira masabata awiri osabwera, asapite ndinu kukalonjerera. Apite awiri amene akulidikira aja, cifukwa pempho la mnzako limapepuka kuposa la mphunzitsi.

Ndipo powerengera zotayika, muwerengerenso mbali inayo. Buku limene lagwiridwa ndi anthu 24 nkutha, lagwira nchito imene linasindikizidwira. Lotsekeredwa m'bokosi nalonso limatha, ciswe ndi mphemvu sizifuna kiyi, koma limatha popanda wodziwa za mkati mwake.

Mabuku ena tiwapeza kuti?

Yambani ndi m'mudzi momwemo. M'masutikesi a anthu muli mabuku amene anabwera nawo pocokera ku Malawi ndi ku Zambia nkhondo itatha, ndi ena a ana amene anamaliza sukulu. Mwina mungapeze Nthondo, la Samuel Josiah Ntara, limene linatuluka mu 1933, kapena Sikusinja ndi Gwenembe, la John Gwengwe. Eni ake amakana kubwereketsa pa cifukwa comwe cija ca nkhwangwa. Koma mukawaonetsa nambala, kope ndi mndandanda, nkuwalonjeza tsiku limene buku lawo lidzabwerere liri ndi maina a onse amene analiwerenga, ambiri amafewa. Kupatsa nkuika.

Kaciwiri, pa intaneti pali mabuku amene eni ake analoleza kuti aliyense awasindikize ndi kuwamasulira kwaulere. African Storybook, imene bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula mu 2014, iri ndi timabuku ta zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, Cinyanja comwe. Tinalembedwera ana, koma kholo limene langophunzira kumene limakondwa kukhala ndi kabuku koti liwerengere mwana wake madzulo. Mmodzi wa inu akapita ku vila kumene kuli makina osindikizira, atulutse timabuku tiwiri titatu, musoke, mutipatse manambala.

Kacitatu, kalasi ingathe kupanga buku lake. Tumani ophunzira awiriawiri kwa akuluakulu a m'mudzi, akafunse mmene mudziwo unayambira, maina a mafumu ake, zaka za njala ndi za dzombe, kumene anthu anathawira pa nkhondo ndi mmene anabwerera. Zimene abwera nazo zilembedwe bwino m'kope limodzi, lipatsidwe nambala, liyende monga ena onse. Mudzaona kuti limeneli ndilo lidzalimbiranidwa, cifukwa muli maina a agogo awo. Koma lokhalo lembani makope awiri, lina likhale kwa inu, pakuti likatayika palibe sitolo imene mungakaligule.

Nanga telefoni?

Kumene netiweki imagwira, atsogoleri a makalasi oyandikana angathe kutsegula gulu la pa WhatsApp la nchito imeneyi yokha: kuuzana kumene bokosi lafika, buku limene likusowa, ndi tsiku losinthana. Mungajambule pepala la ulendo lodzaza nkutumizira anzanu, kuti ophunzira a kutsidya amve zimene a kuno ananena za buku lomwelo. Zimenezi sizidya mamega ambiri. Koma musaike nambala ya telefoni ya wophunzira m'gulu, kapena cithunzi ca zolemba zake, musanampemphe, makamaka amai ndi atsikana. Nawo a BookCrossing amagwiritsa nchito maina ongopeka pa intaneti, ndipo adiresi amaipereka mwamseri kwa munthu mmodzi yekha amene akutumiza buku. Ndipo kope lalikulu lija lisalekedwe cifukwa ca telefoni. Telefoni imabedwa, imagwera m'madzi, imatha moto.

Abale ndi alongo, sitikunena kuti mutsegule bokosi lonse mawa. Yambani ndi mabuku anai kapena asanu amene simukuwaopera kwambiri, ndi ophunzira amene abvomera okha. Yesani mkombero umodzi mpaka kumapeto. Ukatha, werengani mabuku amene abwerera, werenganinso maina amene ali pa mapepala a ulendo, muike manambala awiriwo pamodzi pamaso pa kalasi ndi pa oyang'anira anu. Kenaka mutilembere, mutiuze mabuku amene anayenda msanga, amene anakanirira pa khomo limodzi, ndi mmene munawatulutsira, kuti makalasi ena aphunzirepo.